Malimu Akale

Belito anabwera nako Loweruka,
kagalimoto kofiira, kafupi kumbuyo
ngati wina anakadula mchira ndi chikwanje,
fumbi la malasha a ku Moatize lili bii m'mphepete mwa zitseko.
Akuti, a Fanuweli, kavuleni nsapato zachitsulozi,
zikundichititsa manyazi pa mlatho wa ku Tete.

Ndinakakweza pa jeke, kuseri kwa msika wa Ulongwe.
Mabawuti khumi ndi asanu ndi limodzi,
lomaliza lokakamira ngati ngongole ya mlamu.
Malimu atsopano anatulutsa yekha m'makatoni,
mnyamata wanga wa manja a girisi osamulola kukhudza:
nthiti zisanuzisanu, zowala ngati dzino la siliva,
matayala ake opyapyala ngati lamba wa buluku.

Ndinati, mwana wa Chadreki, tayala lotere limadya phula lokha.
Iye kuseka. Akuti paphula m'pomwe ndimakhala.

Tsitsani, akutero.
Ndinadula masipulingi mpaka mimba ya galimoto
inatsala zala zinayi kuti ikhudze dothi.
Tsitsaninso.
Zala zitatu.
Magalasi tinawamata pepala lakuda,
mizere iwiri yoyera kuyambira pa boneti mpaka kudenga,
phiko pamwamba pa chitseko chakumbuyo
ngakhale palibe komwe kankaulukira,
ndi ekizozi yakukamwa kwakukulu
yomwe inabalalitsa nkhunda za kwa a Zakariya.

Ndisaname, kanakongola.
Ine amene ndamerera imvi kunsi kwa malole a mbatatesi
ndinaima poteropo, chiguduli m'manja,
mtima ukugunda ngati wa mnyamata wa zaka makumi awiri.
Ana a sukulu anagwada kudziyang'anira m'malimumo,
aliyense nkhope zisanu.

Akalewo anati nditaye, kaya ndipangire mbaula.
Ndinawasanjikiza kuseri kwa garaji
n'kuwavundikira ndi lata.

Januwale, mvula ya masiku atatu, foni pakati pa usiku.
Delfina ali kwa mayi ake, kupitirira Domwe,
nthawi yake yakwana mwezi usanathe,
ndipo kagalimoto kakhala pamimba pomwe phula lathera
ngati thadzi lofungatira mazira.
Mawilo akungopota matope,
bampala yatsalira pa chigwembe,
limu lakutsogolo lapindika mlomo ngati mbale yopondedwa ndi ng'ombe.

Ndinachotsa lata lija.
Awiri pa njinga yamoto yanga, awiri pa ya mnyamata,
jeke pamsana, tochi kukamwa.

Sipulingi yodulidwa simeranso, zimenezo tonse tinkadziwa,
koma tayala lakale lili ndi mnofu,
linatibwezera zala ziwiri.
Belito anagwada m'thope ndi buluku lake loyera,
akumanga mabawuti ndi manja onjenjemera,
osandiyang'ana.
Mawu aja ndinali nawo pa lilime, okonzeka, otentha.
Ndinawameza. Ndinangoti, manga mopingasa, usatsatizane.

Zala zisanu zinakwana.
Ekizozi ija, yomwe ankaitukwana tauni yonse,
ndiyo inadzutsa mlonda wa chipatala tisanafike pa geti.

Mwana ndi wamkazi. Makilo awiri ndi theka.

Lero kagalimoto kayenda ndi nsapato zake zakuda zadzimbiri,
phiko lili pomwepo, mizere ili pomwepo,
ngati mkwati wovala suti ndi magambutsi.
Pansi pa lata pagona onyezimira aja,
lopindikalo ndinaliwongola ndi moto ndi nyundo yamtengo,
chipsera chake chimaoneka ukachifuna.

Belito amabwera Loweruka lililonse akatsika ku mgodi.
Amavundukula lata, amawapukuta limodzilimodzi ndi malaya ake akale,
kenako amayang'ana kumwamba, kumapiri a Domwe,
n'kundifunsa, a Fanuweli, mvulayi ithera liti?

Ndimati Epulo.
Ndipo inenso, ndikavundikira lata madzulo,
ndimapezeka ndikuwerenga miyezi pa zala.